Kuwerenga mijigo n'kosavuta, kuyeza chitukuko ndiye nkhani

Aliyense woyenda mumsewu wochoka m'tauni ya Salima kulowera ku Senga Bay amaziona zikwangwani. Zina n'zatsopano, penti akadali waliwali. Zina zidachita dzimbiri mwakuti dzina la bungwe lomwe lidazizika silikuwerengekanso. Zonse zimanena zofanana: dzina la pulojekiti, dziko lomwe lapereka ndalama, chaka choyambira ndi chaka chomalizira.

Chomwe simungachipeze pachikwangwani ndi yankho la funso lomwe mayi wa m'mudzi amafunsa galimoto za bungwe zikasiya kubwera: kodi ntchito ija itatha, pakhomo panga pano pasintha chiyani?

Kufupi ndi tauniyi kuli malo otchedwa Kuti, mahekitala pafupifupi 2 000 a thengo ndi madambo. Lero ndi malo osungirako nyama zakutchire monga mbidzi, mphalapala, ngoma ndi njiri, ndipo poti mulibe mikango kapena njovu, alendo amayendamo wapansi kapena panjinga. Koma akuluakulu a m'derali amakumbukira kuti kale pamalopa padali famu ya ng'ombe ya boma. Dzina lake lenilenilo limamveka ngati funso lomwe anthu amafunsa pa ndalama za chitukuko: zidapita kuti?

Boma la Salima lili ndi mbiri yaitali pankhani ya thandizo lochokera kunja, ndipo ndi limodzi mwa maboma ochepa omwe adaona mitundu iwiri ya kayezedwe ka ntchito zoterezi: kuwerenga zomwe zagawidwa, ndi kuyeza zomwe zasintha.

Za m'nthawi ya Kamuzu

Mu 1968, patangotha zaka zinayi dziko lino litayamba kudzilamulira, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidayambitsa ntchito yaikulu ya zaulimi m'mbali mwa nyanja yotchedwa Central Region Lakeshore Development Project. Ndalama zidachokera ku West Germany, ndipo pambuyo pake bungwe la maiko a ku Ulaya la EEC lidalowapo. Iyi idali imodzi mwa ntchito zinayi zikuluzikulu za nthawi imeneyo. Zina zitatu, za ku Lilongwe, ku Chigwa cha Shire ndi ku Karonga, zinkayenda ndi ngongole za World Bank.

Cholinga chidali choti mlimi wamng'ono akolole thonje, mpunga, mtedza ndi chimanga chochuluka. Misewu idalambulidwa, mijigo idakumbidwa, alangizi adamwazidwa m'midzi, alimi adayamba kutenga feteleza ndi mankhwala opopera thonje pangongole, ndipo ena adakakhazikitsidwa pasikimu ya Chinguluwe. Kuchokera mu 1978 ntchito zinayizi zidalowa m'ndondomeko ya dziko lonse ya NRDP, yomwe idabala ma ADD kuphatikizapo Salima ADD.

Tisanamizane, anthu a nthawi imeneyo ankayeza. Ntchito zimenezi zidali ndi nthambi zake za kauniuni, ndipo anyamata a kafukufuku ankalowa m'minda ndi chingwe ndi sikelo, n'kudula kagawo ka munda, kukolola ndi kuyeza kulemera kwake. Ofesi ya kalembera ya NSO ku Zomba idachitanso kafukufuku wa zaulimi wa dziko lonse mu 1968/69 ndi mu 1980/81.

Koma zomwe zinkaoneka bwino m'malipoti zidali zosavuta kuwerenga: makilomita a misewu, chiwerengero cha mijigo, matumba a feteleza, ndi alimi omwe abweza ngongole. Kabwezedwe ka ngongole ku Malawi kadatchuka kuti kadali kapamwamba zedi, koma yemwe adalipo amadziwa kuti nthawi ya chipani chimodzi munthu sankasewera ndi ngongole ya boma. Nambala yokongolayo inkanena zambiri za mantha kusiyana ndi za phindu.

Chomwe chinkalamula thumba la mlimi chidali kunja kwa pulojekiti. Bungwe la ADMARC, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1971, ndilo lokha linkagula thonje, mpunga ndi mtedza wa alimi ang'onoang'ono. Akatswiri awiri a zachuma, Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen, adaonetsa mu 1982 kuti bungweli linkagula mbewu za alimiwa pamtengo wotsika, ndipo phindu lambiri linkakatukula maesiteti. Choncho zidali zotheka lipoti kunena zoona kuti misewu yonse yatha, pomwe mlimi wa thonje akubwera kumsika ndi ndalama yosakwana kugulira ana zovala.

World Bank nayo idafika povomereza. Mu 1988 nthambi yake younika ntchito idatulutsa lipoti la mapulojekiti otukula madera akumidzi omwe bankiyi idathandiza kuchokera mu 1965 kufika mu 1986, ndipo idapeza kuti pafupifupi theka la omwe adaunikidwa mu Africa muno, kummwera kwa chipululu cha Sahara, adalephera. Zomangamanga zinkatheka. Zokolola ndizo sizinkafika pomwe mapepala oyambirira adalonjeza.

Mjigo uli pamenepo, nanga madzi?

Nkhani ya mijigo imaonetsa vutoli poyera. Bungwe likakumba mijigo 50, limalemba kuti lapereka madzi aukhondo kwa anthu masauzande angapo. Nambalayo amaipeza pochulukitsa mijigo ndi anthu omwe mjigo umodzi uyenera kutumikira, omwe muyezo wa boma umati ndi 250. Palibe yemwe wawerenga anthu omwe akumwadi madziwo, ndipo lipoti limatumizidwa simenti isadaume bwino.

Mu 2016 akatswiri a m'dziko muno mogwirizana ndi a British Geological Survey adayendera mijigo 200 m'maboma asanu, kuphatikizapo Nkhotakota, boma loyandikana ndi Salima. Atafunsa funso lophweka, loti kodi mjigowu ukutulutsa madzi lero, mijigo 74 mwa 100 iliyonse idakhoza. Koma atawonjezera mafunso ena, nambala idayamba kutsika. Kodi ukutulutsa malita 10 pamphindi, kutanthauza kuti ndowa ya malita 20 idzaze pamphindi ziwiri? Kodi chaka chathachi udakhalapo wakufa kupitirira mwezi? Kodi madzi ake ndi abwino kumwa? Yomwe idakhoza mafunso onsewa idali 41 yokha mwa 100 iliyonse.

Nambala zonse ziwirizi n'zoona. Wofuna kusangalatsa opereka ndalama atenga 74, wofuna kukonza zinthu atenga 41.

Ena akukumbukira zitsime zija zomwe zinkapopa madzi ana akamasewera pachozungulira, zotchedwa PlayPump. Mu 2006 Laura Bush, yemwe adali mkazi wa mtsogoleri wa dziko la America, adalengeza thandizo la ndalama zoposa 16 miliyoni za dziko lakelo kuti zitsimezi zifalikire, ndipo zina zidafika kuno ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Pazithunzi zinkaoneka bwino kwabasi. Koma pofika mu 2007 kauniuni wa UNICEF adali atapeza kale mavuto. Ana satha kusewera tsiku lonse, ndiye amayi, ena okalamba, ndiwo ankakankha chozunguliracho kuti apeze madzi. Chikaonongeka, zipangizo zake sizinkapezeka m'magolosale a pafupi monga momwe zimapezekera za mjigo wamba wa Afridev. Mlendo akabwera ndi kamera ana ankathamangirapo, chithunzi n'kujambulidwa, nkhani n'kupita kunja ili yokoma. Akulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Tsiku lomwe adaponya ndalama m'mwamba

Kuyeza kwa mtundu wina kudafika ku Salima mu 2013 kudzera m'ndondomeko ya Mtukula Pakhomo. Ndondomekoyi idayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo imapereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, monga agogo olera ana amasiye, olumala ndi odwala matenda amgonagona. Malire ake adali mabanja 10 mwa 100 alionse. Ku Salima ndalama zake panthawiyo zinkachokera ku boma la Germany kudzera m'banki yake ya zachitukuko ya KfW, dziko lomwe lija lidayambitsa ntchito ya mu 1968.

Anthu ankanena zambiri. Ena ankati ndalama zaulere zimalimbikitsa ulesi, ena ankati zikuthera ku kachasu, ena ankati zipangitsa anthu kuberekana mwadala. Boma ndi maiko othandiza adaganiza zoti ayeze m'malo momangotsutsana. Ntchitoyi adaipereka kwa akatswiri a Centre for Social Research ya University of Malawi ku Zomba, motsogozedwa ndi Dr Peter Mvula ndi a Maxton Tsoka, pamodzi ndi a University of North Carolina ya ku America ndi nthambi ya kafukufuku ya UNICEF.

Adasankha madera a mafumu anayi: T/A Maganga ndi T/A Ndindi ku Salima, T/A Jalasi ndi T/A M'bwana Nyambi ku Mangochi. Pakati pa chaka cha 2013, munthu asadalandire ngakhale tambala, ochita kafukufuku adayendera mabanja 3 531 oyenera kulandira thandizoli m'magulu a midzi 29. Adafunsa chilichonse: mwadya kangati dzulo, ndiwo zidali chiyani, muli ndi nkhuku zingati, ana angati akupita kusukulu, muli ndi bulangeti kapena nsapato. Ana aang'ono adawayeza msinkhu ndi sikelo.

Kenaka padachitika chinthu chomwe ambiri sadachizolowere. Adachita mayere poponya ndalama yachitsulo m'mwamba kuti adziwe midzi yomwe iyambe kulandira. Magulu 14 adayamba kulandira m'chaka cha 2014. Magulu 15 otsalawo adauzidwa kuti adikire mpaka kafukufuku atatha.

Wina angafunse kuti nkhanza zoterezi n'zachiyani. Chifukwa chake ndi ichi. Tiyerekeze kuti mwapatsa banja ndalama chaka chino, mvula n'kugwa bwino, banjalo n'kukolola matumba khumi. Mudziwa bwanji kuti ndi ndalama zanu kapena ndi mvula? Kapena mvula yavuta, banjalo lakolola zochepa kuposa chaka chatha. Kodi mudzati thandizo lanu lalephera, pomwe mwina popanda ilo banjalo likadagona ndi njala? Njira yodziwira ndi kukhala ndi mabanja ena ofanana nawo, okhala m'dera lomwelo, olandira mvula yomweyo ndi ogula pamsika womwewo, koma omwe sadalandire. Kusiyana kwa magulu awiriwa ndiye ntchito ya thandizolo. Mayere amathandiza kuti pasakhale mfumu, phungu kapena wa kuofesi wosankha midzi ya kwawo kapena midzi yomwe ikuchita kale bwino.

Ndipo zidachitikadi momwemo. Ochita kafukufuku adabwereranso kumapeto kwa 2014 ndi kumayambiriro kwa 2015, miyezi ya njala, nkhokwe zili gwa. Adapeza kuti mabanja a magulu onse awiri akudya moperewera poyerekeza ndi ulendo woyamba, womwe udachitika anthu atangokolola. Pakadapanda gulu lodikira lija, lipoti likadanena kuti Mtukula Pakhomo wasaukitsa anthu. Koma poyerekeza magulu awiriwa zidaoneka kuti olandira sadatsike kwambiri ngati anzawo, makamaka osaukitsitsa.

Ulendo wachiwiriwu udaululanso chinthu chosakomera eni ndondomeko: ndalamazo zidali zochepa. Munthu wokhala yekha ankalandira K1 000 pamwezi, banja la anthu awiri K1 500, la atatu K1 950, la anayi kapena kuposera apo K2 400, kuphatikizapo K300 pamwana wa kupulaimale ndi K600 wa kusekondale. Mitengo ya zinthu idali itakwera kuchokera pomwe kwacha idagwetsedwa mu Meyi 2012. Akatswiriwa ankanena kuti thandizo lotere limayamba kuoneka mphamvu likafika gawo limodzi mwa magawo asanu a zomwe banja limagwiritsa ntchito pamwezi, koma mabanja ambiri ankalandira zosafika pamenepo. Mu Meyi 2015 ndalamazo zidakwezedwa kufika pa K1 700, K2 200, K2 900 ndi K3 700, ndipo za ana asukulu zidafika pa K500 ndi K1 000.

Ulendo wachitatu udachitika chakumapeto kwa 2015, chaka chomwe chidayamba ndi madzi osefukira n'kutsatira zokolola zochepa. Apa ndiye kusiyana kudaonekera. Zomwe mabanja olandira ankadya ndi kugwiritsa ntchito zidakwera ndi pafupifupi K23 pa K100 iliyonse. Mwa mabanja 100 alionse, pafupifupi 15 adatuluka m'gulu la osaukitsitsa kaamba ka thandizoli. Ambiri adayamba kudya kawiri patsiku, ana ambiri adabwerera kusukulu, ndipo m'makomo mudayamba kuoneka nkhuku ndi mbuzi. Akatswiriwa adawerengetsanso kuti K1 iliyonse yomwe banja lidalandira idabala K1.69, chifukwa anthu ankagulira feteleza, makasu ndi ziweto, ena n'kuyamba timabizinesi. Za kachasu ndi fodya zija sizidapezeke, ndipo za kuberekana mwadala nazonso ayi.

Koma lipoti lomwelo lidanenanso zomwe sizidatheke. Kupinimbira kwa ana aang'ono sikudasinthe. Mwana amapinimbira kaamba ka zambiri, monga madzi oipa, malungo, kutsekula m'mimba ndi zakudya zosasinthasintha, ndipo ndalama ya pamwezi payokha sidakwanitse kugonjetsa zonsezo. Pamenepa ndi pomwe munthu ungakhulupirire lipoti. Lipoti lomwe chilichonse chayenda bwino, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, muzilikayikira ngati mwana yemwe amabwera ndi 100 pa phunziro lililonse koma sukulu yake simudaionepo.

Omwe adalipira ndi ndani?

Sitingabise kuti kuyeza kumeneku kudali ndi mtengo wake, ndipo sadalipire ndi a ku Germany okha. Mabanja a m'magulu 15 aja adali osauka chimodzimodzi ndi anzawo. Agogo a m'midzi imeneyo adayankha mafunso maola ambiri, maulendo atatu, akuona anzawo a tsidya lina la dambo akupita kukalandira, iwo akudikira pafupifupi zaka ziwiri, m'chaka cha njala. Oikira kumbuyo njirayi amati ndalama ndi antchito sizikadakwanira kuyamba midzi yonse tsiku limodzi, ndiye ena akadadikirabe, ndipo mayere ndi achilungamo kusiyana ndi kusankha kwa munthu. Mfundoyi ndi yomveka. Komabe pofika mu 2018, pomwe Mtukula Pakhomo adafalikira m'maboma onse 28, umboni womwe unkanyamulidwa kupita nawo kwa a zachuma ndi kwa maiko othandiza udali wochokera m'mimba za agogo amenewa. Dzina lawo silili pachikwangwani chilichonse.

Kuti muone kufunika kwa gulu loyerekezera, taonani zomwe zidachitikira pulojekiti ina yotchuka, ya Millennium Villages, yomwe kuno kwathu idali kwa Mwandama ku Zomba ndi kwa Gumulira ku Mchinji. Mtsogoleri wake adali katswiri wa zachuma wa ku America, Jeffrey Sachs, ndipo mu 2010 mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, adafika kwa Mwandama kudzaona yekha. Kudali feteleza, mbewu, masikito, zipatala, chakudya cha kusukulu, zonse pakamodzi. Koma poyamba sadakonze bwino midzi yoyerekezera. Chaka chomwecho akatswiri awiri, Michael Clemens ndi Gabriel Demombynes, adachenjeza kuti zina zomwe pulojekitiyi inkadzitama nazo, monga kuchuluka kwa mafoni a m'manja, zinkachitikanso m'midzi yomwe pulojekiti sidafikeko.

Mu 2012 eni pulojekitiyi adalemba m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet kuti imfa za ana m'midzi yawo mu Africa zikutsika mofulumira katatu kuposa m'madera ena akumidzi a maiko omwewo. Pasadathe mwezi adabweza mawuwo atawaonetsa kuti masamu adalakwika. Imfa za ana zinkatsika ndithu, koma zinkatsikanso kwina konse. Kauniuni womaliza wa mu 2018 adapeza kuti padali phindu pa zaumoyo ndi zaulimi, koma zolinga zomwe zidakwaniritsidwa zidali pafupifupi chimodzi mwa zitatu zilizonse. Mpaka lero akatswiri amakanganabe za pulojekitiyi, chifukwa chomwe sichidayezedwe poyamba n'chovuta kuchiyeza pomaliza.

Lipoti limalowera kumtunda

Pali chinthu china chomwe anthu a m'midzi yozungulira Kuti ndi kwina konse amachidziwa bwino kuposa akatswiri. Wobwera ndi mafunso amayankhidwa molingana ndi chomwe akuoneka kuti wanyamula. Akaoneka ngati akulemba maina a olandira thandizo, mbuzi zimasanduka za achimwene, wailesi imabisidwa kuchipinda. Akaoneka ngati wabwera kudzaona ngati pulojekiti ipitirire, aliyense amayamikira, chifukwa ndani angafune kutseka mpopi womwe ukudontha? Mlangizi naye amadziwa kuti ntchito yake ili pa nambala zomwe atumize, ndipo mkulu wa bungwe ku Lilongwe amadziwa kuti ndalama za chaka chamawa zili pa lipoti la chaka chino. Palibe yemwe wanama bodza lalikulu. Aliyense wangowonjezera kamchere pang'ono, koma pofika ku Berlin, London kapena Washington ndiwo zawawa mchere.

N'chifukwa chake malipoti ambiri amadzaza ndi chiwerengero cha anthu omwe "afikiridwa" kapena "aphunzitsidwa". Munthu yemwe adakhala pamsonkhano wa tsiku limodzi, n'kusaina pepala la alawansi ndi kumwa Fanta, amawerengedwa chimodzimodzi ndi yemwe moyo wake udasinthadi. Mabungwe atatu akachititsa misonkhano m'mudzi umodzi, mayi mmodzi yemweyo amasanduka anthu atatu.

Tisasokonezenso kuyeza phindu ndi kufufuza m'mabuku a ndalama. Miyezi yomwe ochita kafukufuku ankazungulira kwa Maganga ndi kwa Ndindi mu 2013 ndi yomweyo ndalama za boma zinkasololedwa ku Capital Hill pa nkhani ija ya Cashgate. Kampani ya maodita ya ku Britain ya Baker Tilly idapeza kuti pafupifupi K24 biliyoni idasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo maiko othandiza adaimitsa ndalama zomwe ankathira mwachindunji m'bajeti ya boma. Odita amafunsa ngati ndalama idagula chomwe idalembedwera. Funso limenelo n'lofunika, koma pulojekiti ikhoza kukhala ndi malisiti onse, osasowa ngakhale tambala, n'kukhalabe yopanda phindu. Zitsime za PlayPump zija zidagulidwadi, ndipo zidazikidwadi.

Nkhani ya mitengo ili chimodzimodzi, ndipo ikukhudza kwambiri malo ngati Kuti, omwe ndi chilumba cha thengo pakati pa midzi yofuna nkhuni, makala ndi malo olima. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lino limakhala m'nyengo yobzala mitengo, ndipo timamva za mbande mamiliyoni. Kuwerenga mbande tsiku lobzala, nduna itagwira khasu, n'kosavuta. Kuwerenga yomwe yapulumuka ku mbuzi, chiswe ndi moto wolusa wa mu Okutobala kumafuna munthu abwerereko patatha zaka ziwiri kapena zitatu, pomwe pulojekiti yambiri imakhala itatseka kale mabuku. Oyang'anira nyama angathe kuwerenga mbidzi zawo, monga momwe oweta ng'ombe ankawerengera ng'ombe pamalo omwewo kale. Chovuta kuyeza, komanso chomwe chingasunge mpandawo zaka zikubwerazi, n'choti banja la kunja kwa mpanda likupindula chiyani poyerekeza ndi chomwe likadapeza likadalowa ndi nkhwangwa.

Maiko olemera ndi osauka adagwirizanapo kale pankhaniyi. Ku Paris mu 2005 adasainirana kuti thandizo liziyezedwa ndi zotsatira zake, ndiponso kuti opereka ndi olandira aziyankha mbali zonse. Koma kuyankhako kumathera pakati pa maboma. Lipoti limalembedwa m'Chingerezi, limakambidwa m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, mwina ku Senga Bay komweko, ndipo mayi yemwe adayankha mafunso aja, yemwe amakhala makilomita ochepa kuchokera pahotelapo, samva kuti mayankho ake adabala chiyani.

Njira zofunsira zilipo, ngakhale sizigwiritsidwa ntchito mokwanira. Bungwe lililonse lofuna kugwira ntchito m'boma limayenera kukaonekera ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ya DEC kukhonsolo, ndipo m'midzi muli makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC. Komiti ya ADC ili ndi mphamvu yofunsa bungwe, lisadayambe ntchito, kuti likufuna kusintha chiyani, zinthu zili pati lero, ndani adzayeze, ndipo lidzabwera liti kudzanena zomwe lapeza pamaso pa anthu. Kuchokera pa 30 Sepitembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito, ndipo nzika ikhoza kulembera khonsolo kupempha malipoti omwe ili nawo. Lamulo la mabungwe omwe si aboma, lomwe lidakonzedwanso mu 2022, limawalamula kupereka malipoti a chaka ndi chaka ku bungwe lowayang'anira la NGORA.

Kufunika kosunga malipotiwa kuno kwathu kudaoneka mu 2025. Mu Januwale chaka chimenecho boma la Donald Trump lidaimitsa thandizo la dziko la America kumaiko akunja, ndipo pofika pa 1 Julaye bungwe la USAID, lomwe lidagwira ntchito m'dziko muno zaka zambirimbiri, lidatsekedwa. Tsamba lake la pa intaneti lidazimitsidwa mu Febuluwale, pamodzi ndi nkhokwe yomwe inkasunga malipoti a kauniuni wa mapulojekiti ake, kuphatikizapo a ku Malawi. Zomwe zidaphunziridwa m'midzi yathu zidali m'nkhokwe ya eni ndalama, ndipo eni ake atatseka chitseko ofufuza adachita kutolera timakope tomwe ena adasungako.

Nazo zotsatira za kwa Maganga ndi kwa Ndindi zili ndi zaka zake. Zidayezedwa ndi kwacha ya mu 2015. Kuchokera nthawi imeneyo ndalama yathu idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo K3 700 yomwe idasintha miyoyo ija lero singagule ngakhale paketi imodzi ya shuga ndi sopo. Ndalama za Mtukula Pakhomo zakhala zikukwezedwa, koma zomwe kafukufuku uja adaphunzitsa n'zoti mphamvu yake ili pa zomwe ndalamayo ingagule pamsika wa Kamuzu Road tsiku lolandira, osati pa nambala yolembedwa pakhadi. Lipoti lonse la kafukufukuyu likupezeka pa intaneti, patsamba la Transfer Project, m'Chingerezi.